Mutu ukuti n'zabodza, miyendo ikukana: mmene VR imasinthira zochita za munthu

Pali kagemu kena ka VR (virtual reality, dziko lopangidwa ndi kompyuta limene umaliona ngati uli momwemo) kotchedwa Richie's Plank Experience, kosavuta n'komwe, mulibe mfuti mulibe mpira. Umavala headset, chimagalasi chija chomanga kumutu chotseka maso onse awiri, ndiye umangopezeka uli mu lifiti, lifitiyo n'kukwera mpaka nsanjika ya 80, chitseko n'kutseguka, kutsogoloko kulibe chipinda kulibe khonde, kwangotuluka thabwa limodzi basi lolozera m'malere, pansi apo magalimoto akuoneka ngati nyerere. Ntchito yako ndi imodzi, yenda pathabwapo. Zenizeni zake iweyo waima pabalaza, thabwa lenileni anzako aligoneka pasimenti, ukaphonya phazi palibe chingakuchitikire ngakhale kubinya chala. Koma pitani pa YouTube mukaone, azibambo andevu zawo akukana kutuluka mu lifiti, ena akukwawa ngati ana, ena akukuwa kuitana amayi awo, ndipo mukawafunsa onsewo akuuzani kuti akudziwa bwinobwino kuti n'zabodza.

Amene anawolokapo mtsinje wodzadza pa ulalo wa mtengo umodzi akumva zimene ndikunena. Mtengo womwewo utaugoneka pabwalo ungayendepo uku ukudya nzimbe, koma pansi pakakhala madzi akukokoma miyendo imayamba zake, mutu ukuti tiye, mawondo akuti ayi. VR imakupatsa madzi okokomawo popanda mtsinje. Mu 2002 Michael Meehan ndi anzake ku University of North Carolina anachita kuyeza ndi zipangizo, anthu ankayamba m'chipinda cha VR chooneka wamba kenako n'kudutsa pakhomo kulowa china chimene pakati pake panali chidzenje chakuya mamita pafupifupi 6, mtima unkathamanga, thukuta m'manja n'kuchuluka. Ataika kathabwa kenikeni pansi kuti zala za kuphazi zizimva m'mphepete mwa dzenjelo, mtima unathamanga koposa.

Nde funso n'lakuti ngati thupi lakhulupirira chonchi, zimene munthu angasankhe ali mmenemo zimakhala za ndani, za mutu wodziwa kuti n'zabodza uja kapena za thupi lonjenjemerali?

Tiyambe ndi chimene chimasiyanitsa VR ndi kuonera filimu ku video show. Ku video show filimu ikhale yoopsa chotani, m'mphepete mwa diso ukuonabe khoma, mutu wa mnzako wa kutsogolo, kuwala kolowera pachitseko, ndipo ukatembenuka filimuyo imatsala kumbuyo. Mu headset zonsezo zatsekedwa. Diso lililonse lili ndi chithunzi chake chosiyana pang'ono ndi cha linzake, ndiye zinthu zimaoneka zotalikirana ngati zenizeni, komanso muli timasensa toyeza mutu wako, ukacheuka umaona zimene zili kumbuyo, ukawerama umaona kunsi kwa tebulo. Makinawo amajambulanso chithunzi mwina ka 90 pa sekondi, ndipo opanga amayesetsa kuti kuchoka pamene wasuntha mutu kufika pamene chithunzi chasintha pasapitirire mamilisekondi 20, zikachedwa kuposa apo ndi pamene anthu amachita nseru ngati akwera minibasi yodutsa m'makhotakhota m'mimba muli njala. Ubongo wathu kuyambira tili makanda unaphunzira lamulo limodzi, ndikasuntha mutu chonchi zinthu n'kusuntha chonchi, ndiye kuti ndili pamalo amenewa. VR imangotsatira lamulolo basi, ubongo n'kuvomera.

Mel Slater, mkulu amene watha zaka zambirimbiri akufufuza zimenezi ku University College London ndi ku Barcelona, mu 2009 anagawa chinyengochi pawiri. Choyamba iye amachitcha place illusion, kumva kuti uli pamalopo. Chachiwiri ndi plausibility illusion, kumva kuti zimene zikuchitikazo zikuchitikadi ndipo zikukhudza iweyo, mwachitsanzo munthu wa pakompyuta uja akakuyang'ana m'maso, ukayandikira iye n'kubwerera m'mbuyo. Ziwirizi zikakumana munthu amachita zinthu ngati n'zenizeni. Chodabwitsa n'chakuti sizilira zithunzi zokongola, tianthu tooneka ngati zidole timakwanitsa. Ndipo Slater amanenetsa kuti sikuti munthuyo wapusitsidwa maganizo ayi, akudziwa, kungoti maso ndi thupi zimayankha msanga, nzeru zoti "aa n'zabodza izi" zimafika phazi litabwerera kale.

Zipangizozi si za dzulo. Ivan Sutherland anapanga headset yake mu 1968, yolumikizidwa ku chitsulo cholendewera kudenga. Kwa zaka zambiri zinali za m'mayunivesite ndi za asilikali chifukwa cha kudula, mpaka kampani yopanga ma headset ya Oculus inatulukira mu 2012, Facebook n'kuigula mu 2014 pa madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo mu 2021 Facebook inasintha dzina kukhala Meta pofuna kuonetsa kuti tsogolo lake ili kumeneku. Koma akatswiri a kaganizidwe ka munthu anali atayamba kale kuzigwiritsa ntchito, chifukwa VR imawalola kuchita zoyesera zimene pa anthu enieni angamangidwe nazo.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Milgram. Mu 1961 ku Yale, Stanley Milgram ankauza anthu wamba kuti azimuwombetsa magetsi munthu wina akalakwitsa mafunso, mphamvu yake ikukwera pang'onopang'ono, wowombedwayo anali wochita sewero chabe koma iwo sankadziwa, ndipo 26 mwa 40 anapitirira mpaka mavoti 450 chifukwa choti munthu wovala jekete la mu labu wawauza kuti pitirizani. Masiku ano kafukufuku wotere saloledwa, amazunza anthu maganizo. Mu 2006 Slater ndi anzake anabwereza zomwezo koma wowombedwayo anali mayi wa pakompyuta, ndipo aliyense anauzidwa poyera kuti mayiyu kulibe, magetsi kulibe. Anthu 11 ankayankhulana naye polemba mawu basi osamuona, onsewo anawomba magetsi ka 20 konse mpaka kumaliza. Anthu 23 ankamuona ndi kumumva akudandaula, akupempha kuti zithe, ndipo 6 mwa iwo anasiyira panjira. Zipangizo zinaonetsa kuti mtima ndi thukuta zinkasintha ngati munthu amene ali pamavuto enieni, ena ankachedwetsa dala kudina batani kuti mayiyo apeze mpata woyankha, ena kumubwerezera funso mokweza. Kuthandiza munthu amene ukudziwa kuti kulibe, eti.

Ina imene ndimaikonda, poti kuno mpira wa ku England timautsatira ngati wathu, ndi ya 2013. Gulu la Slater lomwelo linatenga amuna 40 ochemerera Arsenal, aliyense payekha n'kumulowetsa mu bala ya VR. Kumeneko amakumana ndi mnyamata wa pakompyuta, acheza za mpira pang'ono, kenako pabwera chimunthu china n'kuyamba kumutukwana mnyamata uja, kumukankhakankha, zikuoneka kuti zithera nkhonya. Kwa theka la anthuwo mnyamatayo anavala jezi ya Arsenal ndipo ankayankhula ngati sapota mnzawo, kwa theka linalo anavala malaya ofiira wamba opanda chizindikiro. Amene anaona jezi ya timu yawo analowererapo kwambiri, kuima pakati, kutambasula mkono kufuna kuleretsa. Mukanawafunsa papepala kuti kodi mungathandize munthu chifukwa cha jezi, ndikukhulupirira ambiri akanati ayi ine ndimathandiza aliyense. Thupi linayankha zina.

Kusiyana kwa zonena ndi zochita kumeneku kumaonekera bwino pa funso lakale la sitima limene Philippa Foot analiyambitsa mu 1967, ena n'kudzalisintha pang'ono. Bogi ya sitima yathawa yopanda mabuleki, kutsogolo panjanji pali anthu 5, iwe waima pa chitsulo chosinthira njanji, ukachikoka bogiyo ilowera njanji ina kumene kuli munthu mmodzi. Ukoka? Ambiri amati inde, afe mmodzi apulumuke 5. Ku Michigan State University, Carlos David Navarrete anaika anthu 147 mu VR pa nkhani yomweyi, akuona bogi ikubwera akumva kukuwa, ndipo 133 anakoka. Apa papepala ndi mu VR sizinasiyane kwenikweni, kungoti ochepa amene sanakoke aja ndi amene thupi lawo linaonetsa kutekeseka kwambiri, ngati anangouma.

Koma funsoli lili ndi mng'ono wake wovuta, amene Judith Jarvis Thomson anabweretsa. Palibe chitsulo chokoka, iwe waima pa mlatho pamwamba pa njanji, pafupi nawe pali munthu wonenepa, ukamukankha agwera panjanji, thupi lake liimitsa bogi, anthu 5 aja apulumuka. Masamu ake ndi omwewo, mmodzi pa 5, koma papepala anthu ambiri amakana, amati kukankha munthu ndi manja ako ndi kupha basi. Ndiye munthu ungaganize kuti mu VR, pamene ukumuona munthuyo ali pafupi, anthu akana koposa. Kathryn Francis ndi anzake ku Plymouth anayesa mu 2016, zinatuluka zotembenuka. Mwa amene anawerenga nkhaniyi papepala ndi ochepa kwambiri amene anati angakankhe, koma mwa amene anavala headset 7 pa 10 alionse anamukankha, mtima ukugunda kwambiri. Ofufuza ena ku Italy mu 2014 anapezanso zofananako, anthu omwewo poyankha zolemba ankati sindingachite, ataziona zikuchitika pasikirini n'kuchita.

Chifukwa chake anthu amatsutsana. Ena amati papepala chimene chimakuvutitsa ndi dzina lako, kodi anthu andiona bwanji ndikanena kuti ndingakankhe munthu, pamene mu VR chimene chadzadza m'maso ndi anthu 5 amene bogi ikuwayandikira ndipo kwatsala masekondi ochepa, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ena amati ayi musakokomeze, anthuwa akudziwa kuti ndi gemu, kukankha ndi kachitsulo ka m'manja si kukankha ndi manja, ndipo mu gemu munthu amafuna kuchitapo kanthu kuti aone chichitike n'chiyani. Ineyo ndikuona kuti onse ali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake sindigwirizana ndi aja amati VR imaulula "iwe weniweni". Imaonetsa iwe wina wake, wa pa changu, wopanikizika, amene akuona zimene wamuikira wopanga pulogalamu. Wa papepala uja nayenso ndi iwe, kungoti wakhala pansi, wapuma, waganizira mawa. Ku Osnabrück ku Germany mu 2017 anayesa oyendetsa galimoto mu VR, kutsogolo kutulukira zinthu ziwiri, munthu, galu, chidebe, ndipo uyenera kugunda chimodzi. Akapatsidwa masekondi 4 anthu ankasankha mofanana kwambiri, kupulumutsa munthu kuposa nyama, mwana kuposa wamkulu, koma nthawi ikachepetsedwa kufika sekondi imodzi zosankha zija zinkayamba kubalalika. Nthawi yokha imasintha munthu, ndipo mu VR wotchi ili m'manja mwa wopanga.

Tsono pali china chimene filimu singachite ngakhale pang'ono, kukupatsa thupi lina. Ukayang'ana pansi mu VR suona thupi lako, umaona limene akuveka, ukakweza dzanja nalonso likweza, ukaima pagalasi la mmenemo nkhope imene ikukuyang'ana si yako koma ikutsatira chilichonse ukuchita. Pakangopita mphindi zochepa ubongo umayamba kulitenga ngati lako. Izi zinadziwika kale ngakhale popanda kompyuta, mu 1998 Botvinick ndi Cohen anaonetsa kuti ukabisa dzanja la munthu n'kumuikira la labala patsogolo, n'kumasisita onse awiri nthawi imodzi ndi kaburashi, munthuyo amayamba kumva ngati kusisitako kukuchitika pa labalapo.

Nick Yee ndi Jeremy Bailenson ku Stanford mu 2007 anafunsa kuti nanga thupi lobwerekali limasintha khalidwe? Ena anawapatsa avatar, thupi la pakompyuta lija, yaitali ndi masentimita 10 kuposa mnzawo wokambirana naye, ena yaifupi, kenako n'kuwauza kuti agawane madola 100, wina anene kagawidwe winayo avomere kapena akane. Amene anapatsidwa thupi lalitali ankadzigawira zambiri mopanda manyazi, amene anapatsidwa lalifupi ankavomera msanga ngakhale akuwadyera masuku pamutu. Amene anapatsidwa nkhope yokongola ankayandikira kwambiri munthu wachilendo ndipo ankaulula zambiri za moyo wawo. Anazitcha Proteus effect, potengera mulungu wa m'nthano za Agiriki amene ankasintha maonekedwe. Kwa ife si zachilendo kwenikweni, tonse tinamuonapo munthu wofatsa amene tsiku limene anavala yunifolomu ngakhale kayendedwe kanasintha, kusiyana kwake n'kwakuti apa yunifolomuyo ndi thupi lonse ndipo wakuveka sunamuone.

Ya ndalama ndi iyi. Hal Hershfield mu 2011 anatenga achinyamata, kujambula nkhope zawo, theka n'kuwaonetsa pagalasi la VR nkhope yawo yomweyo itakalambitsidwa, imvi, makwinya, masaya akugwa, theka linalo nkhope yawo ya lero. Atavula anawafunsa kuti mutapatsidwa madola 1,000 mungagawe bwanji, kugulira mphatso wokondedwa, kukasangalala, kusunga ku akaunti wamba, kapena kusungira ukalamba. Amene anaona nkhope ya lero anaika pafupifupi madola 80 ku ukalamba, amene anakumana ndi gogo wa iwo eni anaika pafupifupi 172. Kawirikawiri munthu wa zaka 20 akamaganiza za iye wa zaka 70 amakhala ngati akuganiza za mlendo, fodya wako ndi amene ali pamphuno, za penshoni tidzaona konko. Galasi lija linangomubweretsa mlendoyo pamphuno. Koma tisaiwale, ndalamazo zinali zongoyerekeza, palibe anatulutsa kanthu m'thumba.

Sun Joo Ahn, nayenso ali ku Stanford nthawi imeneyo, anachita yochenjera kwambiri chifukwa sanafunse anthu kuti mungatani. Ena anawerenga za kudula mtengo, ena anadula okha mtengo waukulu mu VR, chogwirira chikunjenjemera m'manja ngati sowo ya injini, mtengo n'kugwa ndi chiphokoso. Atamaliza, wofufuza ankagwetsa kapu ya madzi patebulo ngati mwangozi n'kupempha kuti amuthandize kupukuta, kenako n'kuwerenga mapepala opukutira amene munthu watenga. Odula mtengo aja anagwiritsa ntchito ochepa ndi pafupifupi 20 peresenti. Ku Barcelona mu 2018 Sofia Seinfeld ndi anzake anatenga amuna 20 opezeka olakwa pa nkhanza za m'banja n'kuwaika m'thupi la mkazi, mwamuna wa pakompyuta akuwakalipira, akuwayandikira mpaka kumaso. Asanalowe, amunawa ankalephera kawirikawiri kuzindikira mantha pankhope ya mkazi, nkhope ya mantha ankaiona ngati yosangalala, ndipo atatuluka anayamba kuzindikirako bwino. Kaya kunyumba anasinthadi ndi nkhani ina, chimene chinayezedwa ndi kuwerenga nkhope.

Zotsatira ngati zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti mabungwe othandiza anthu aithamangire VR. Mu 2015 bungwe la United Nations linapanga kafilimu ka VR ka mtsikana wa zaka 12 wa ku Syria wokhala kumsasa wa othawa nkhondo wa Za'atari ku Jordan, n'kukaonetsa akuluakulu a ndalama pamsonkhano wa ku Davos ku Switzerland, ndipo mmodzi mwa opanga ake, Chris Milk, anatcha VR makina opangira chifundo. Ku Stanford mu 2018 Fernanda Herrera anayesa anthu oposa 560, ena anadutsa mu VR moyo wa munthu amene ntchito yatha, akugulitsa katundu kuti alipire lendi, kenako wathamangitsidwa m'nyumba akugona mu basi, ena anangowerenga nkhani yomweyo. Atapatsidwa chikalata chopempha nyumba zotsika mtengo kuti asayine, pa ulendo woyamba a VR 82 peresenti anasayina pamene owerenga anali 67, pa wachiwiri 85 kwa 63.

Ziwerengero zabwino ndithu, koma apa mpamene ine ndimakayikira. Mu 2021 Alison Jane Martingano ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 43 wa nkhani imeneyi n'kupeza kuti VR imakweza kumva chisoni, mtima kuwawa, koma siikweza kwenikweni kumvetsa mmene mnzakoyo akuganizira. Ndipo n'zomveka, ukamawerenga nkhani umachita kugwira ntchito, kudziika wekha m'malo mwa munthuyo, pamene mu VR zonse akupatsa zophikaphika, iwe n'kungomeza. Komanso ife a mbali ino ya dziko pa nkhani zoterezi nthawi zambiri timakhala ojambulidwa osati ovala headset. Munthu wakhala mphindi 8 mumsasa wa pakompyuta, misozi yatuluka, wavula, wapita kukadya nkhomaliro, kenako akakhala pa msonkhano woganiza kumene ndalama zipite akumva ngati anafikako. Sanamve fungo, sanadikire chaka chathunthu pepala limene silikubwera, ndipo chimene anaona ndi ngodya imene wojambula anasankha kuikapo kamera. Chifundo chake n'chenicheni, sindikutsutsa, koma kudzimva kuti "ndikudziwa" kumene VR imapereka kumakula kuposa zimene wadziwadi.

Kumene VR imagwira ntchito mosakayikitsa ndi kumene cholinga chili kuzoloweretsa thupi. Mu 1995 Barbara Rothbaum ku Emory University anayamba kuthandiza anthu oopa malo okwera powakweza pang'onopang'ono pa milatho ndi makonde a VR, mantha omwe aja a pathabwa n'kusanduka mankhwala, chifukwa thupi likaopa kambirimbiri popanda kugwa limayamba kuphunzira. Walmart mu 2018 inagula ma headset 17,000 ophunzitsira antchito ake, mwa zina mmene angachitire sitolo ikadzadza anthu olimbirana katundu. Nzeru yake ndi yomwe ija ya oyendetsa ndege amene amayeserera injini kuzima ali pansi, kuti tsiku la tsoka lisakhale loyamba kuti mtima ugunde chonchi. Koma musaganize kuti chilichonse chimaphunzirika bwino mmenemo. Guido Makransky wa ku Copenhagen ndi anzake mu 2019 anapatsa ophunzira phunziro la sayansi lomwelo, pena pakompyuta wamba pena mu headset, mu headset anamva kwambiri kuti ali mu labu koma anaphunzira zochepa, ubongo unatanganidwa ndi kuyang'ana uku ndi uku. Kumira kwambiri kumadya malo oganizira, ndipo zosankha zofuna kuwerengetsera, monga ngongole kapena kusayina mgwirizano, zimafuna malo omwewo.

Kafukufuku wambiri amene ndatchulayu ndi wa anthu ochepa, 20, 40, 50, ambiri mwa iwo ophunzira a m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya, ena akuvala headset koyamba m'moyo ndiye chidwi cha chinthu chatsopano chikusakanikirana ndi zotsatira, ndipo zambiri zimayezedwa mphindi zochepa munthu atangovula. Ndiye tisamatenge ngati malamulo a Mose. Komabe onse akuloza mbali imodzi, chimene chili pafupi, chachikulu m'maso, chokuyang'ana, chofuna yankho pompano, chimalemera kwambiri pa sikelo kuposa chimene chili kutali kapena chosaoneka. Ndipo mu VR chimene chikhale pafupi ndi chimene chisaoneke amasankha ndi munthu wina.

Munthu winayo akukuonanso. Kuti chithunzi chizitsatira mutu wako makinawo ayenera kulemba kusuntha kulikonse, Bailenson anawerengera kuti mphindi 20 mu VR zimasiya timfundo pafupifupi 2 miliyoni ta mmene thupi lako limayendera. Mu 2020 gulu lake linaonetsa kuti pa anthu 511, kompyuta inkatha kuzindikira kuti uyu ndi uje molondola 95 peresenti pongoona kayendedwe ka mutu ndi manja kosakwana mphindi 5, popanda dzina popanda nkhope. Ma headset ena ngati Apple Vision Pro ndi Quest Pro ali ndi makamera oyang'ana maso ako. Pafoni wotsatsa malonda amadziwa chimene wadina, umu n'zotheka kudziwa chimene unayang'ana kawiri, pamene unazengereza, pamene unabwerera m'mbuyo. Amene mwaona mmene kandege ka pafoni kamathera ndalama za anthu pa kasikirini kakang'ono chabe, m'mphepete mwa diso mukuoneka mkazi ndi ana, ganizirani juga yomweyo khoma litatsekedwa, wotchi kulibe, ndipo wapatsidwa thupi lalitali lovala suti.

Kwa ana nkhani imakula. Mu 2009 Kathryn Segovia ndi Bailenson anaonetsa ana a pulayimale avatar yofanana ndi iwo ikusambira ndi anamgumi, ndipo atafunsidwa pambuyo pake ena mwa anawo ankafotokoza ngati zinawachitikiradi. Meta mu 2023 inatsitsa zaka zololedwa kugwiritsa ntchito headset yake ya Quest kuchoka pa 13 kufika pa 10, bola makolo aziyang'anira akaunti.

Ndipo zafika kale m'makhoti. Ku University of South Australia mu 2021 anayesa anthu 30 ngati oweruza mlandu wa munthu wogundidwa ndi galimoto pamalo oimikapo magalimoto, theka anaona zithunzi za malowo, theka anayendamo mu VR. A zithunzi anagawanika pafupifupi pakati, a VR pafupifupi 87 peresenti anagwirizana pa chigamulo chimodzi, cholemeracho, chakuti woyendetsa anapha munthu chifukwa choyendetsa moopsa. Ofufuzawo anaona kuti ndi umboni wakuti VR imathandiza kumvetsa malo, ndipo mwina ndi zoona, koma kugwirizana si kulondola, anthu akhoza kugwirizana chifukwa onse aimikidwa pamalo amodzi. Mu Disembala 2024 ku Broward County ku Florida, woweruza Andrew Siegel anavala headset ya Quest m'khoti pa mlandu wa mwini malo ochitirako maukwati amene ankaimbidwa mlandu woloza anthu mfuti, iye akuti ankadziteteza. Mu headset mo woweruzayo anaima pamene woimbidwa mlandu anaima, kuona ndi maso ake, khamu la anthu a paphwando litamuzungulira, msana uli kukhoma. Amene anajambula malowo ndi anthu onsewo, kutalika kwawo, nkhope zawo, mmene anayandikirira, anabwera ndi maloya a woimbidwa mlanduyo.